Mpiru wowawasa si wowola

Mnzanga wina wogwira ntchito pa kampani ya Atchaina anandiuza sabata yatha, mphuno atakwinya, kuti mabwana ake amadya mpiru wowola. Akuti amausunga mu mtsuko, ukayamba fungo ndiye amautulutsa n'kukazingira nyama ya nkhumba. Amayankhula zimenezi akupapira chambiko.

Mpiruwo sunawole ayi. Amaufotetsa padzuwa, kuufikisa ndi mchere, kuutsendera mu mtsuko n'kuupsinja ndi mwala mpaka madzi ake omwe aumize. Pakapita masabata angapo, tizilombo tosaoneka ndi maso timakhala titasandutsa shuga wa m'masambamo kukhala asidi, ndipo asidiyo pamodzi ndi mchere ndi zimene zimatsekereza zowoletsa. Ntchito yomweyi ndi imene imachitika mu chambiko, ngakhalenso mu mphale yomwe amayi amaviika masiku angapo kuti tidye nsima yoyera. Fungo la madzi a mphale tonse timalidziwa, koma sindinamvepo wina akuti Amalawi amadya chimanga chowola.

Atchaina anayamba kalekale zimenezi. Buku la ulimi la Qimin Yaoshu, lomwe Jia Sixie analemba cha m'ma 540, limafotokoza kale njira zosungira masamba ndi mchere. Lero dera lililonse lili ndi mpiru wake. Ku Ningbo ndi Shanghai amakonda xue cai, ku Yibin m'chigawo cha Sichuan kuli ya cai, pomwe ku Fuling amagwiritsa ntchito tsinde lotupa la mpiru kupanga zha cai. Anthu a mtundu wa Hakka amauthira mchere n'kuuyanika, umenewo ndiye mei cai.

Koma chimene chandigwira mtima ine ndi kaphikidwe kake. Kanyama kodzaza dzanja limodzi amakaduladula timizere toonda ngati machesi, n'kukanyika mu soya sosi, vinyo wa mpunga wa ku Shaoxing ndi stachi pang'ono kuti kasaume pamoto. Mpiru amautsuka kuti mchere uchepe, kuufinya, ndipo ophika ambiri amayamba aukazinga wokha kuti madzi aphwe. Kenako chiwaya chawo chakuya chija amati wok chimatenthetsedwa mpaka kufuka utsi. Mafuta, jinja, adyo, tsabola, nyama. Nyamayo ikangosintha mtundu, mpiru walowa, kashuga pang'ono kothetsa ukali wa kuwawasa, basi aphula. Mphindi 10 sizikwana. Kuwawasa kwa mpiru kumapha kunona kwa nkhumba, mafuta a nkhumba nawo amalowerera m'masamba, ndipo mbale imodzi pakati pa tebulo imatsitsa mpunga wa banja lonse.

Banja lonse, ndabwereza dala. Nyama yodulidwa chonchi siwerengeka. Kwathu kuno nthuli zimawerengedwa mphika usanaphulidwe: zikuluzikulu za bambo, yotsatira ya mlendo, ana alandire msuzi ndi fupa loti azipokezana. Enafe tinakula tikudziwa nkhuku ndi zipalapasiro zokha, ndipo mkwiyo wake sunathebe. Tikanamadula nyama mwa Chitchaina, ndani akanapondereza mnzake? Onjezanipo makala. Timabwatitsa nyama maola awiri pa mbaula, kenako n'kumadandaula kuti thumba la makala lakwera mtengo ndiponso mapiri ayera.

Nanga mpiru? Dutsani pa Lizulu nyengo imene ndiwo zamasamba zachuluka muone milu ikufota, ina ikutayidwa madzulo chifukwa ogula achepa. Miyezi ingapo pambuyo pake, kampukutu kamodzi n'kukhala kodula. Mfutso tinkaudziwa, koma ana a m'tauni masiku ano amauyesa ndiwo za anthu ovutika. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mlendoyo wafika, tamulola kutimangira misewu ndi bwalo la masewera, koma akatsegula mtsuko wake timatseka mphuno.

Sindikunena kuti tizidya mpiru wa mchere tsiku ndi tsiku. Mchere wake ndi wambiri, ndipo a BP asamale nawo. N'chifukwa chake eni akewo amautsuka kaye n'kudya pang'ono. Wosapsa bwino, wa masiku ochepa mu mtsuko, nawonso si wabwino m'thupi, choncho muupatse masabata atatu kapena kuposerapo. Mpiru ukatchipa pamsika, gulani wambiri, pezani mchere, mtsuko ndi mwala woyera, muyesere.