ZA M'THENGO: MSAMPHA WA WAYA UKUSINTHA CAKUDYA CA MKANGO

Akuluakulu amati mkango ukazingwa umadya udzu. Koma akatswiri amene akhala akulondola mikango m'nkhalango za dziko lino aona kuti cirombo cimeneci cikasowa njati cimayamba kusaka nyama zing'onozing'ono, ndipo nkhaniyi ikukhudza mlimi aliyense amene ali ndi khola pafupi ndi thengo.

Kuyambira mu 1960 mpaka 1963, anchito oyang'anira nyama m'paki ya Kafue anali kulemba nyama iliyonse imene anaipeza itagwidwa ndi zirombo. Zimene analembazo zinasindikizidwa mu 1965. Patapita zaka zoposa 50, akatswiri a bungwe la Zambian Carnivore Programme, motsogoleredwa ndi Bambo Scott Creel a ku yunivesite ya Montana State ku America, anabwerezanso nchitoyo. Iwo anabveka mikango ndi mimbulu malamba a wailesi m'khosi, naitsatira kuti aone cimene yagwira.

Lipoti lao linatuluka mu 2018. Linasonyeza kuti nyama zikuluzikulu monga njati, zimene kale zinali ndiwo yeniyeni ya mkango, zinali zitacepa kwambiri pa cakudya cake. M'malo mwake unali kugwira nyama zing'onozing'ono monga nswala ndi njiri. Motero mkango, nyalugwe ndi mimbulu anayamba kulimbirana ndiwo imodzi.

Cimodzi mwa zifukwa zazikulu ndi kupha nyama mozembera, makamaka ndi misampha ya waya. Msampha susankha. Munthu amachera gwape, koma umakola njati, mbidzi, ngakhalenso mkango weniweniwo. Nyama zikacepa, zirombo zimayenda mitunda yaitali kufuna cakudya, ndipo ciwerengero cao cimatsika. Mkango wanjala, kapena umene walemala ndi waya, sucedwa kuyang'ana ku khola la ng'ombe ndi mbuzi, pakuti ciweto sicithawa ngati nyama ya m'thengo.

M'cigwa ca Luangwa, m'Cigawo ca Kum'mawa, munapezeka umboni wolimbikitsa. Boma litaletsa kusaka mikango kuyambira mu 2013 mpaka 2015, Mayi Thandiwe Mweetwa, amene anakulira ku Mfuwe, pamodzi ndi anzao anawerenga mikango ya m'dera limene anali kufufuzamo. Mu 2012 inalipo 116, koma mu 2015 inafika 209. Izi zikusonyeza kuti thengo limacira msanga anthu akalipatsa mpata.

Ena angafunse kuti mikango ikaculuka, phindu lake n'ciani kwa munthu wa kumudzi. Funsoli n'lomveka, pakuti amene anataya ng'ombe yake yolimira sangakondwe ndi kubangula kwa mkango. Komabe alendo amene amadza ku Mfuwe amafuna kuona mikango ndi anyalugwe, ndipo ndalama zao ndizo zimalemba nchito anyamata ndi atsikana a m'midzi ya Akunda. Ndiponso mkango wokhuta njati sukhala ndi cifukwa ceniceni coyandikira mudzi.

Cotero mafumu, nduna ndi makolo ayenera kulangiza acinyamata kuleka misampha, ndi kumanga makola olimba otsekeramo ziweto dzuwa lisanalowe. Aliyense woona nyama yokoledwa ndi waya afulumire kukauza a Dipatimenti Yoona za Nyama za M'thengo, kuti adokotala a nyama akaimasule bala lisanakule.