Bwalo la Anthu Onse M'manja mwa Munthu Mmodzi

Mu Okutobala 2022 mpondamatiki wina wobadwira ku Pretoria, Bambo Elon Musk, adagula tsamba la mchezo la Twitter pa mtengo wa madola 44 biliyoni. Mu Julaye 2023 adalisintha dzina kukhala X. Chiyambire nthawi imeneyo anthu akhala akukangana za utsogoleri wao.

Owaikira kumbuyo amati a Musk adabwezera anthu ufulu wolankhula, popeza adatsegulira ambiri amene adatsekeredwa kunja. Amatamanso njira ya Community Notes, imene imapatsa owerenga mwai wokonza uthenga wonama. Otsutsa amakumbutsa za Novembala 2022, pamene pafupifupi theka la antchito 7,500 lidachotsedwa mwadzidzidzi, kuphatikizapo a ku ofesi ya ku Accra m'dziko la Ghana imene inali itangotsegulidwa kumene. Mwezi womwewo chizindikiro chotsimikizira kuti wolemba ndi mwini dzina weniweni chidayamba kugulitsidwa pa madola 8, ndipo munthu wina adanamizira kukhala kampani ya mankhwala ya Eli Lilly nalengeza kuti insulin ndi yaulere.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma phata la nkhani lagona pa funso ili: mtsogoleri wa bwalo lotere amayankha kwa yani? Pobwezera Donald Trump pa tsambali, a Musk adayamba afunsa anthu, kenaka adalemba mau a Chilatini akuti "Vox populi, vox Dei", kutanthauza kuti liwu la anthu ndi liwu la Mulungu. Mu Disembala 2022 adafunsanso ngati ayenera kutula pansi udindo. Mwa mavoti opitirira 17 miliyoni, anthu 57.5 mwa 100 alionse adati atule. Mu 2023 udindowo udaperekedwa kwa Mai Linda Yaccarino, amene adausiya mu Julaye 2025, koma mphamvu zenizeni sizidachoke m'manja mwa mwini wake. Voti imene woitanitsa amasankha yekha funso, nthawi ndi kakwaniritsidwe kake siingatchedwe kuyankha kwa anthu.

Amene adakwanitsa kuwagonjetsa ndi khoti. Mu Ogasiti 2024 woweruza Alexandre de Moraes wa ku Brazil adalamula kuti X itsekedwe m'dzikomo chifukwa chonyozera malamulo. Kampaniyo idalipira chindapusa, ndipo idatsegulidwanso mu Okutobala. Ena amati woweruzayo adapyola malire, komabe nkhaniyi idaonetsa kuti chuma sichiika munthu pamwamba pa lamulo.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Munthu angathe kugula kampani, koma malo amene mamiliyoni a anthu amamverako nkhani za ndale ndi za umoyo amafunika malamulo odziwika, osasinthika ndi mtima wa mwini wake, ndiponso njira yodandaulira kwa wolakwiridwa. Ife owerenga tizikumbukira kuti zimene timaona pa matsamba otere zimadutsa m'sefa ya eni ake, choncho tiziyamba tafufuza tisanazitumize kwa anzathu.