LUSO LA MANJA: Wekishopu Yoyenda pa Matayala

Ulendo uno tikambirane za chizolowezi china chimene chimapezeka ku America, ku Britain ndi ku Australia. Kumeneko kuli anthu okonda ntchito za manja, ena opala matabwa, ena osula zitsulo, ena osoka, amene amagwira ntchitozi pongozikonda akaweruka kapena akapuma pa ntchito. Vuto lawo ndi malo. Nyumba za m'mizinda n'zothithikana, lendi ya shedi ndi yokwera, ndipo mnansi safuna kumva macheka akulira Loweruka m'mamawa. Tsono iwo amagula lole yakale ya bokosi, yomwe inkanyamula katundu wa anthu osamuka, n'kuikonza m'kati kuti ikhale wekishopu. Padenga amayalapo mapanelo a sola, m'kati amaikamo mabatire, ndipo macheka amalira popanda waya wochokera ku kampani ya magetsi.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa abale athu ena ali ku maiko amenewo, komanso chifukwa kuno kwathu, kumene midzi yambiri ilibe magetsi, kalipentala kapena telala angathe kuona nzeru imeneyi n'kuganiza zoika ndalama za banja lonse pa Canter yakale. Tisanafike pogulitsa ng'ombe, tiyeni titenge pensulo ndi pepala. Ambiri amayamba ndi kugula lole, pomwe lole ndiyo iyenera kugulidwa pomalizira, masamu atatha.

Masamu oyamba ndi a kulemera, ndipo sitichedwapo. Ku Britain chiphaso wamba choyendetsera galimoto chimalola munthu kuyendetsa yosapitirira matani 3.5, kupatula amene anakhoza mayeso isanafike 1 January 1997, omwe amaloledwa mpaka matani 7.5. Ku America malole obwereketsa aatali mafiti 26, monga a kampani ya U-Haul, anapangidwa dala kuti asadutse mapaundi 26,000, pafupifupi matani 11.8, chifukwa kupitirira apo kumafuna chiphaso cha madalaivala a malole. Kumbukirani kuti nambala imeneyi imaphatikiza lole yeniyeniyo, mafuta, anthu ndi katundu yense. Galimoto ya bokosi ya matani 3.5 nthawi zambiri imangotsala ndi tani imodzi kapena kucheperapo yoti munyamule. Benchi yolimba, mashelefu, matabwa ndi makina zimadya tani imeneyo msanga zedi.

Masamu achiwiri ndi a magetsi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Tonse timawadziwa mayunitsi amene timagula pa mita. Yuniti imodzi ndi mphamvu ya mawati 1,000 yogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Panelo ya masiku ano ya mawati 400 ndi yaitali pafupifupi mamita 1.7 ndipo m'lifupi mamita 1.1, choncho padenga la bokosi la mamita anayi pangakwane mapanelo anayi, omwe ndi mawati 1,600. M'dziko la dzuwa ngati lathu tingawerengere maola asanu a dzuwa lamphamvu pa tsiku, ndiye kuti mayunitsi 8. Tichotsepo ndithu chifukwa cha fumbi, kutentha ndi kugona chafufumimba kwa mapanelo padenga, titsale ndi mayunitsi 6 kapena chapomwepo. Abale a ku Britain asatengere nambalazi, pakuti m'miyezi ya December ndi January dzuwa lawo limangosuzumira.

Kodi mayunitsi 6 ndi ochepa? Ayi ndithu. Macheka a magetsi a mawati 1,500 salira tsiku lonse. Mmisiri amayeza, amalemba, amadula kwa kamphindi, n'kuyezanso. Tikaphatikiza timphindi tonseti mwina sitikwana ola limodzi, lomwe ndi yuniti imodzi ndi theka basi. Makina osokera a m'nyumba amadya pafupifupi mawati 100, kotero kuti mayi angasoke maola khumi ndi yuniti imodzi. Mababu a LED sitingawawerengere n'komwe.

Chimene chimagwetsa anthu ndi kamphindi kamene makina akudzuka. Mota ikamayamba kuzungulira imakoka mphamvu kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa zimene zalembedwa pa chikwangwani chake, ndipo mamota ena, monga a kompuresa ndi a macheka aakulu a patebulo, amafika mpaka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Inveta, kachipangizo kamene kamasandutsa magetsi a batire kukhala ofanana ndi a m'nyumba, iyenera kupirira kamphindi kameneko. N'chifukwa chake munthu amagula inveta ya mawati 2,000, n'kulumikiza macheka a mawati 1,500, akangodina inveta n'kulira n'kuzima, mabatire ali odzaza. Ndiye amayamba kunyoza wogulitsa, pomwe vuto ndi masamu. Pogula tifunse nambala ziwiri: mphamvu imene inveta imapereka nthawi zonse, ndi imene imapirira kwa kamphindi. Tifunsenso kuti ikhale ya mtundu wa pure sine wave, chifukwa zotchipa zija zimatenthetsa mamota ndipo zimawononga machaja.

Ife maganizo athu ndi akuti m'malo molimbana ndi inveta yaikulu, munthu agule zida zoyendera timabatire take, monga dirilo, macheka a m'manja ndi gilayinda zopanda waya. Timabatire timeneti timadzaza pang'onopang'ono masana onse, osavutitsa inveta, ndipo mmisiri angathe kutuluka nazo n'kukakhoma chitseko kuseri kwa nyumba. Inveta isungidwire makina amodzi kapena awiri amene sangachitire mwina.

Pali chinanso chimene ambiri sachilabadira: mawaya. Kuti batire ya mavoti 12 ipereke mawati 2,400, mu waya muyenera kudutsa maampu 200, ndipo waya wotere amanenepa ngati chala. Pa mavoti 24 maampu amatsika kufika 100, pa mavoti 48 kufika 50. Choncho wekishopu ya makina aakulu imangidwe pa mavoti 24 kapena 48. Waya woonda wonyamula katundu wosamuyenera amatentha, ndipo m'bokosi lodzaza utuchi, vanishi ndi guluu, mapeto ake tonse tikuwadziwa. Fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi batire, osati kumapeto kwa waya. Apa tisaumire ndalama, tiitane mmisiri wa magetsi wodziwa ntchito yake.

Za mabatire, tiyambe ndi kuchenjeza kuti batire yolizira injini isakhudzidwe. Inapangidwira kupereka mphamvu yambiri kwa kamphindi, ndipo ikamatsitsidwa tsiku ndi tsiku imafa msanga, n'kukusiyani kuthengo lole yosalira. Batire ya sola ya asidi ya mavoti 12 ndi 200Ah imasunga mayunitsi 2.4 pa pepala, koma yofunika kugwiritsa ntchito theka lokha kuti ikhalitse, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 60. Kuti tipeze mayunitsi 5 tifunika mabatire anayi, makilogalamu 240, ngati matumba asanu a chimanga okhala m'lole chaka chonse. Batire ya lithium ya mtundu wa LiFePO4 yosunga mayunitsi omwewo imalemera pafupifupi makilogalamu 50, ndipo imapirira kudzazidwa kambirimbiri kuposa ya asidi. Mtengo wake ndi wowawa pa tsiku logula, komabe pa galimoto, pamene kilogalamu iliyonse ikuwerengedwa, ife tingasankhe imeneyi. Amene asankha ya asidi aiike m'bokosi lake lotulutsira mpweya kunja, chifukwa ikamadzaza imatulutsa mpweya wa haidrojeni umene umayaka ukakumana ndi nthethe za moto. Amene ali ku maiko ozizira adziwenso kuti ya lithium siyenera kudzazidwa kukazizira mpaka madzi kuundana.

M'kati mwa bokosi, zolemera zonse zikhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo zimangidwe ndi mabawuti. Madilowa akhale ndi zotsekera. Hamala yosiyidwa pa benchi imauluka dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi, ndiye musalole mwana kapena munthu aliyense kukwera kumbuyoko lole ikuyenda. Bokosi la chitsulo limatentha ngati uvuni mu October, choncho pakhale zenera ndi fani yotulutsa fumbi. Mwayi wake ndi woti mapanelo akakwezedwa pang'ono, n'kusiya mpata wa mphepo, amachita mthunzi padenga ndipo nawonso amagwira ntchito bwino akamazizira.

Amene ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo masamu awo ndi ena. Makina owotcherera, ngakhale aang'ono amakono, amakoka mawati 3,000 kapena kuposerapo nthawi yonse imene ndodo ikuyaka. Kukonza mpando umodzi n'kotheka ndi inveta yaikulu ndi mabatire a lithium, koma wopanga mageti ndi mafelemu a mawindo tsiku lonse asiye malo a jenereta. Jeneretayo izilira panja, kutali ndi chitseko cha bokosi, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha.