Ulendo wa pa sitima ndi achinyamata: yambani mwafunsa zaka, mtengo ubwere pambuyo

Disembala akamayandikira, zithunzi zimayamba kuyenda pa ma status a WhatsApp ndi pa TikTok. Achibale a ku Joni avala zoyera, kumbuyo kwawo kuli sitima yotalika ngati nyumba yosanja, madzi okhaokha mpaka kumene maso alekezera. Posakhalitsa mu gulupu ya banja wina walemba kuti, "Chaka chamawa nafenso tikwere imeneyi." Ndipo tonse tikudziwa amene adzatulutse ndalama. Ndi inuyo amene muli pa ntchito, amene mumalipirira kale fizi mng'ono wanu kapena mwana wa achemwali.

Maulendo amenewa amatchedwa cruise. Sitima yake ndi hotela yoyandama: mumagona momwemo, mumadya momwemo, m'mawa n'kudzuka muli pa doko lina. Ngati m'gulu lanu muli tiana tating'ono tokhatokha, kusankha sikuvuta kwenikweni, dziwe losambira ndi ayisikilimu zakwanira. Nkhani ili pa awa a zaka 12 mpaka 17. Sali ana oti n'kuwagwira dzanja, komanso sali akulu oti n'kungowasiya. Mukaphonya sitima, mudzalipira ndalama zankhaninkhani kuti mnyamata akhale masiku anayi m'chipinda atakwinya nkhope, akungofunsa za Wi-Fi. Ndiye langizo langa sabata ino ndi limodzi basi: sankhani sitima poyang'ana zimene wachinyamata wanu azikachita pa maola amene simuli naye limodzi. Mtengo ndi kukongola kwa chithunzi zibwere pambuyo.

Amawagawa bwanji anawa?

Choyamba, si kampani iliyonse imene imalandira ana. Virgin Voyages ndi Viking sakweza aliyense wosakwana zaka 18, ngakhale atakhala ndi makolo ake. Amenewa achotseni pa mndandanda wanu lero lomwe.

Makampani olandira mabanja ali ndi makalabu a achinyamata, chipinda chawochawo chokhala ndi masewera, nyimbo ndi antchito owayang'anira. Koma aliyense amagawa zaka mwa njira yake. MSC ili ndi gulu la zaka 12 mpaka 14 ndi lina la 15 mpaka 17. Carnival imagawanso chimodzimodzi. Norwegian imaika onse a zaka 13 mpaka 17 m'kalabu imodzi yotchedwa Entourage. Disney ili ndi Edge ya zaka 11 mpaka 14 ndi Vibe ya 14 mpaka 17.

Manambala amenewa ndi amene angakometse kapena kuwononga ulendo. Tiyerekeze muli ndi atsikana awiri apachibale, wina wa zaka 14 wina 15, amene kunyumba sasiyana. Pa MSC awasiyanitsa makalabu, ndipo ngati wamng'onoyo ndi wamanyazi, akhoza kukana kupitako. Pa Norwegian akhala pamodzi. Koma tembenuzani nkhaniyo: muli ndi mtsikana mmodzi wa zaka 13. Kodi mtima wanu ukhala m'malo akamacheza usiku ndi anyamata a zaka 17? Kwa ameneyu kugawa kwa MSC ndi kumene kungakupatseni tulo. Antchito amatsatira zaka zimene zili mu pasipoti, ndipo kuchonderera kwa "ndi wamkulu thupi uyu" sikugwira ntchito kumeneko.

Mukakwera, mukankheni mwana apite ku kalabu madzulo oyamba, ngakhale akunyinyirika. Magulu a chinzake amapangika usiku woyamba. Wobwera tsiku lachitatu amapeza anzake adziwana kale, ndipo wachinyamata safuna kukhala mlendo pakati pa anthu oseka nthabwala zimene iye sakuzidziwa.

Imene ili pafupi ndi ife

Tinene zoona, ambiri a ife sitikukamba za Miami. Kwa wokhala ku Malawi, Zambia, Tete kapena ku Joni, khomo lapafupi ndi Durban, kumene MSC imayendetsa sitima nyengo yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo. Maulendo aafupi, a mausiku atatu kapena anayi, amapita ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo kapena ku Pomene, konseko ndi ku Mozambique. Ataliatali amafika ku Mauritius ndi ku Réunion, ndipo ena amanyamukira ku Cape Town kupita ku Walvis Bay ku Namibia.

Apa pali msampha umodzi. Mwana wanu waona pa TikTok sitima ngati Icon of the Seas ya Royal Caribbean, imene inayamba kuyenda mu 2024 kuchokera ku Miami, yodzaza ndi zotsetserekera m'madzi zamitundumitundu. M'mutu mwake cruise ndi imeneyo. Koma sitima zimene zakhala zikubwera ku Durban, monga MSC Musica ndi MSC Orchestra, zinapangidwa cha m'ma 2006 ndi 2007. Ndi zabwino ndithu, zili ndi madziwe osambira, zisudzo za madzulo ndi malo amasewera, koma si zija za pa TikTok. Choncho musangofunsa dzina la kampani. Funsani dzina la sitimayo, mulifufuze pa YouTube muli limodzi ndi mwanayo, aone yekha chimene akukakwera.

Funsaninso za mtundu wa ulendowo. Maulendo ena aafupi amagulitsidwa ngati a phwando, ma DJ ndi mowa mpaka mbandakucha. Sitima ndi yomweyo, koma anthu ake ndi ena. Tsiku lonyamuka ndi lofunikanso. Pa tchuthi cha sukulu mitengo imakwera, inde, koma ndi pamenenso mumakhala achinyamata ambiri. Mukasankha sabata yotchipa pakati pa temu, mwana wanu akhoza kukapeza kalabu ili ndi anthu atatu.

Dziwaninso kuti miyezi imeneyi ndi ya anamondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Ife a ku Malawi sitifunika kuuzidwa, Idai wa mu 2019 ndi Freddy wa mu 2023 tikuwakumbuka. Ku Portuguese Island ndi ku Pomene kulibe doko loti sitima yaikulu n'kukocheza. Imaima patali, anthu n'kumatsika pa timaboti. Mafunde akakula kaputeni amaletsa kutsika kapena amasintha njira, ndipo palibe amene angamukakamize. Tsiku limenelo nonse mutsala m'sitima. N'chifukwa chake ndikunena kuti zimene zili m'kati mwa sitima ndi zofunika kuposa chilumba cha pa chithunzi.

Bilu imene siili pa chithunzi

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo umene mumauona pa malonda nthawi zambiri ndi wa chipinda, chakudya cha m'malo odyera akuluakulu ndi zisangalalo. Pamwamba pake pamabwera ndalama za pa doko, ndalama ya antchito imene amawerengera munthu aliyense usiku uliwonse, zakumwa zoziziritsa kukhosi, masewera a pa makina, zithunzi, maulendo a kumtunda ndi intaneti. Wachinyamata amakhudza pafupifupi zonsezi.

M'sitima simugwiritsa ntchito ndalama za m'manja pogula zinthu. Aliyense amapatsidwa khadi imene ndi kiyi wa chipinda komanso chikwama chake, ndipo zonse zimakalowa mu akaunti ya amene analembetsa, ndiye kuti inuyo. Mwana akamangogunditsa khadi saona ndalama ikutuluka. Pitani ku desiki ya alendo tsiku loyamba mukafunse mmene mungaikire malire pa khadi yake kapena kuitseka kuti isagule kanthu. Pa sitima zonyamukira ku Durban mitengo ya m'kati imakhala m'madola a ku America, ndipo aliyense amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kuti dola imodzi si yoseweretsa.

Za foni ndiye samalani kwambiri. Sitima ikatalikira kumtunda, foni imatha kulumikizana ndi netiweki ya pa sitima yodzera pa satelayiti, imene mtengo wake ndi woopsa ndipo bando yanu ya masiku onse siigwirako. Foni zonse zikhale pa airplane mode musananyamuke. Ngati mugula Wi-Fi, gwirizanani kunyumba kuti ndi ya foni zingati komanso ndani alipira. Mkangano umenewu ndi bwino uthere pa khonde kusiyana ndi pakati pa nyanja.

Mapepala a mwana

Kwathu kuno kuyenda ndi mwana wa achimwene kapena wa azakhali ndi chinthu chamasiku onse, ndi mwana wathu basi. Ku malire ndi ku doko saziona choncho. Mwana wosakwana zaka 18 amafunika pasipoti yakeyake, ndipo makampani ambiri amafuna kuti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala ulendo ukatha. Tengani chikalata chake cha kubadwa. Ngati akuyenda ndi kholo limodzi, kapena ndi inu amene simuli kholo lake, konzani kalata ya chilolezo yosainidwa ndi makolo ndi kudindidwa ndi wovomerezeka, pamodzi ndi makope a ziphaso zawo. South Africa imasamala kwambiri za ana odutsa malire, ndipo kampani ya sitima ikhoza kukubwezani pa doko popanda kukubwezerani ndalama.

Onaninso dziko lililonse limene sitima ikaime. Réunion ndi gawo la France, choncho pasipoti ya Malawi imafunika viza. Abale a ku Britain, chilolezo chanu chokhalira kumeneko sichikulowetsani ku Spain kapena ku Italy. Sitima yonyamukira ku Southampton kupita maiko amenewo ifuna viza ya Schengen ngati mukuyendera pasipoti ya kwathu. Inshuwaransi ya ulendo musaisiye, chifukwa chipatala cha m'sitima ndi cholipira.

Ufulu wokhala ndi malire

Ubwino weniweni wa sitima kwa wachinyamata ndi woti amalawa ufulu pa malo amene sangapite patali. Atha kudzuka nthawi yake, kukadya yekha, kupeza anzake ochokera ku Soweto kapena ku Maputo. Koma sitima ndi tauni ya anthu masauzande, ndipo m'tauni mumakhala anthu amitundu yonse. Funsani kampani ngati ili ndi ola limene ana amayenera kukhala atalowa m'zipinda, zaka zimene amalola mowa ndi juga, komanso ngati ana angagone m'chipinda chawo choyandikana ndi chanu. Malamulowa amasiyana malinga ndi kampani ndi dera limene sitima ikuyenda.

Kenako ikani anu a m'banja, ochepa koma osasintha. Chakudya chamadzulo tidyera limodzi tsiku lililonse. Sulowa m'chipinda cha munthu wina, ndipo wina salowa mwako. Chakumwa chimene wachisiya pa tebulo usachimwenso. Zitsulo za m'mphepete mwa sitima si zokwerapo kapena kukhalapo pojambula selfie. Tikatsika kumtunda timayendera wotchi ya sitima, chifukwa ochedwa siwadikira. Ndipo maphunziro a chitetezo a tsiku loyamba tipita tonse. Lamulo loti azichitika sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka linakhwimitsidwa pambuyo pa ngozi ya Costa Concordia ku Italy mu 2012, imene inapha anthu 32. Mwana adziwe yekha malo ake osonkhanira, chifukwa belu likhoza kulira inu muli kwina.

Ngati simukudziwa mmene mwana wanu amachitira ndi mafunde, mayeso otchipa tili nawo konkuno. Ilala yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951, kuchokera ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba, kudzera ku Likoma ndi ku Nkhata Bay. Si cruise ayi, ndi sitima ya anthu ndi katundu, koma usiku umodzi pamenepo, makamaka nyengo ya mwera, ukuuzani zambiri. Amene wachita chizungulire, mukamusungire chipinda chapakati pa sitima komanso cham'munsi, kumene kugwedezeka kumachepa.

Musanatumize dipoziti, khalani pansi ndi wachinyamatayo, foni ili pakati. Muonetseni sitima ziwiri kapena zitatu zimene thumba lanu lingakwanitse, mumufunse kuti pa iliyonse azikatani kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Akatchula zinthu zitatu maso akuwala, sitima ndi imeneyo. Akangokweza mapewa n'kunena kuti "zili bho, chilichonse," musalipire kaye. Mwina chimene akufuna chaka chino ndi masiku atatu ku Cape Maclear ndi asuweni ake, ndipo ndalama yotsalayo ikhoza kudikira mpaka atalemba mayeso a Fomu 4.