ZA M'MAIKO ENA: Alimi a Dziko Limodzi, Cuma Cosiyana

Kumpoto kwa dziko la Israel, m'cigawo ca Galilee, midzi ya Ayuda ndi ya Aarabu ili moyandikana, ndipo eni ake onse ndi nzika za dziko limodzi. Koma cuma ca m'nyumba zao n'cosiyana kutali. Gwero la kusiyanaku ndi malo olima ndi madzi.

Alimi ambiri aciyuda amakhala m'midzi ya cigwirizano yochedwa kibbutz ndi moshav. Mu moshav, monga wa Nahalal umene unamangidwa m'caka ca 1921, banja lililonse linali kulandira munda, madzi othirira ndi ngongole, ndipo zokolola zinali kugulitsidwa pamodzi. Njira yomweyi inayesedwanso muno m'Zambia, ku Kafubu ndi ku Kafulafuta, m'zaka za m'ma 1960.

Aarabu sanaone mwai wotere. Kucokera mu 1948 kufikira 1966 midzi yao inali pansi pa ulamuliro wa asilikali, ndipo munthu sanali kuyenda ulendo popanda cilolezo. Malamulo a 1950 ndi 1953 anapatsa boma mphamvu zotenga minda yao yambiri. Pa 30 Marichi 1976, boma litalengeza kuti lidzatenganso malo ena ku Galilee, anthu anacita cionetsero ndipo Aarabu asanu ndi mmodzi anaphedwa. Tsikuli amalikumbukira caka ndi caka.

Minda itacepa, amuna ambiri anasiya khasu nayamba kulawirira m'mamawa kukagwira nchito ya zomangamanga m'mizinda ya Ayuda, pa malipiro ocepa. Ciwerengero ca boma ca 2018 cinaonetsa kuti pa mabanja 100 alionse a Aarabu, pafupifupi 45 anali pa umphawi, pamene m'dziko lonse anali 18.

Boma la Israel linabvomereza bvutoli. Mu 2015 linakonza ndondomeko ya zaka zisanu yotukula midzi ndi mizinda ya Aarabu, ndipo mu 2021 linalonjeza mashekeli 30 biliyoni a misewu, masukulu ndi nchito.

Ndalamazi zingathe kucepetsa umphawi, koma sizibweza munda. Malo 93 pa 100 a dzikolo ali m'manja mwa boma ndi mabungwe ake, ndipo pa kagawidwe ka malowa ndi pamene pagona nkhani.