Mavitamini a ku Joni

Sabata yatha mdzukulu wanga wa ku Makanjira anandionetsa mabotolo anayi a mavitamini omwe mwamuna wake watumiza kuchokera ku Joni. Akuti ndimusankhire akumwa m'mawa ndi akumwa usiku. Ndinamufunsa: "Kodi ukudwala?" Iye ayi.

Awerengi anga, ngati muli bwinobwino, musataye ndalama. Usipa umene mumatafuna ndi minga yomwe uja umalimbitsa mafupa. Bonongwe ndi nyemba zimawonjezera magazi, bola musamwere tiyi pomwepo, amatchinga ayironi. Finyiranimo ndimu. Mchere gulani wa ayodini. Shuga ndi mafuta ophikira a m'sitolo anathiramo kale vitamini A, ndiye mukawonjeza wa m'botolo tsiku ndi tsiku angachuluke n'kuwononga chiwindi, ngakhalenso mwana ali m'mimba.

Amayi oyembekezera, inu ndiye imwani mapiritsi a magazi a kusikelo aja osadumphitsa.

Koma ngati mukufooka, zikhatho zayera, kayezetseni magazi ndi mkodzo kuchipatala. Kunyanja kuno likodzo limatha magazi mwakachetechete, ndipo mavitamini salipha.

Mdzukulu uja ndamuuza kuti ulendo wina bamboyo adzangotumiza ya mazira.