Kodi Uthenga Woletsa Kusuta Fodya Ukuphula Kanthu?

Munthu akaima m'mawa pa Kameza, pamene pakumana miseu yochokera ku Chileka, ku Lunzu ndi ku Machinjiri, adzaona oitanira minibasi ndi anyamata a kabaza alikugula ndudu imodzi imodzi kwa ogulitsa a m'mbali mwa mseu. Ambiri a iwowa adamva kale pa wailesi kuti fodya amaononga mapapo. Nanga utsi ukufukabe chifukwa ninji?

Kumva ndi kuleka nzinthu ziwiri zosiyana. Kotero mphamvu ya uthenga tisaiyese ndi kuchuluka kwa anthu oumva, koma ndi chiwerengero cha amene ataya ndudu ndi amene sadayambe konse. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa anayi alionse ankasuta, pamene mwa akazi 100 osuta adali ngati atatu okha. Apa mpoonekeratu amene uthengawo uyenera kuwalunjika.

Maiko ena atiphunzitsapo. Ku America, m'chaka cha 2012, bungwe la CDC lidaonetsa pa kanema anthu enieni amene adaboledwa pakhosi kapena kudulidwa miyendo kaamba ka fodya, ndipo lidapereka nambala ya telefoni yopezerapo thandizo. Akatswiri adawerenga kuti anthu 1.6 miliyoni adayesa kuleka, ndipo oposa 100,000 adalekeratu. Ku South Africa nako Boma lidakweza msonkho wa ndudu, ndipo lamulo la 1999 lidaletsa kutsatsa fodya. Osuta adachepa kwambiri m'zaka zimenezo. Phunziro lake nlakuti mau paokha ngofooka. Amagwira mtima pamene atsagana ndi thandizo, mtengo wokwera ndi lamulo.

M'chaka cha 2023 Boma lathu lidachita chanzeru polowa m'pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya. Panganoli likuti anthu aphunzitsidwe, ofuna kuleka athandizidwe, ndiponso maiko ayesetse kuletsa kugulitsa ndudu imodzi imodzi. Mfundo yotsirizayi njofunika pa Kameza, pakuti ngakhale chenjezo litalembedwa bwino pa paketi, wogula ndudu imodzi paketiyo saigwira, ndipo wopichira chingambwe saiona nkomwe.

Palinso alimi amene fodya wao amagulitsidwa ku Limbe. Mlimi akaganiza kuti uthengawu ukunyoza munda wake, adzatseka makutu. Auzidwe poyera kuti panganoli sililetsa kulima, ndi kuti limalamula kuthandiza alimi kupeza mbeu zina.

Tsono inu aphunzitsi ndi inu ogwira ntchito m'Boma, pofika pa 31 May, tsiku lokumbukira kuipa kwa fodya, musawerenge zikwangwani ndi malankhulo okha. Werengani ana a sukulu amene ayamba kusuta, ndi akulu amene afika ku chipatala kudzapempha njira yolekera. Chaka chamawa mudzawerengenso. Kuongola mtengo mpoyamba, ndipo ziwerengero zimenezo ndizo zidzatiuze ngati ndalama za uthengawu zapita pabwino.